Amene Tinkawathirira Kachasu Pansi

"Mpunga ukapsa mukadanunkhabe chonchi, mudzapinde mphasa yanu muzipita kwanu ku Ntchisi!"

Anali alamu anga, achimwene ake a mkazi wanga, ndipo ananena zimenezi dzuwa likuswa mtengo, anthu akuonerera. Ndinawagenda ndi mpando koma ndinaphonya, chifukwa ndinkaona alamu awiri. Ine ndinali mkamwini pamudzi wa eni kufupi ndi Benga, ntchito yaukalaliki kufakitale ya shuga itandithera kale chifukwa cha botolo lomwelo. Akanandithamangitsa, ana anga atatu akanatsala, poti ana ndi akuchikazi. Ndipo mpunga kudambo unali utayamba kale kuweramitsa ngala.

Amene anandiuza za gulu la osiya mowa ndi mayi yemwe ankatcheza kachasu amene ndinkamwayo.

"Akalaliki, manja anuwo ayamba kutaya mowa wanga. Pitani kushedi yakale ya thonje Lachitatu masana. Anthu anga ndikawataya amapita kumeneko."

Pa mayiyu tinali ndi mwambo wathu. Botolo likatsegulidwa, dontho loyamba linkathiridwa pansi, wina n'kumatchula anzathu amene anatisiya, enafe n'kumayankha kuti, "Amwe." Otchulidwawo anali ambiri, chifukwa zaka zimenezo anthu ankangowonda n'kupita. Ine kwa zaka ziwiri ndinkathirira msodzi wina wa ku Bua, wachala choduka, amene tinamva kuti bwato lake linapezeka likuyandama lokha. Kumaliro sitinapite. Sitinkapita kumaliro a aliyense.

Lachitatu ndinapita, koma mokwiya. Shediyo inali yokha pakati pa tchire, malata ake akulira ndi kutentha. Mkati munkanunkha mileme. Sikelo yadzimbiri inali lende padenga, ikugwedezeka ngakhale kunalibe mphepo. Amuna asanu ndi awiri anakhala panjerwa mozungulira, ali chete. Matipate asanabwere, anthu odzitsekera chonchi akanafunsidwa makadi a chipani, koma tsopano panalibe wowalabadira. Njerwa imodzi inali yopanda munthu.

"Mwafika, akalaliki. Njerwa yanu ndi iyo. Tinakuikirani kalekale."

Dzanja limene linaloza njerwayo linali lachala choduka.

"Inu munafa," ndinatero.

"Ndinamva. Mumandithirira bwino koma?"

Anzakewo anaseka chapansipansi. Maso atazolowera mdima wa m'shedimo ndinawayang'ana mmodzimmodzi. Atatu mwa iwo ndinali nditawathirirapo kachasu ndi dzanja langali.

"Bwato lija ndinagwamo nditaledzera, ndinakatsitsimukira m'bango," anatero msodziyo. "Kuyambira tsikulo sindinalawenso. Kungoti pamowa paja munthu akaleka kubwera mumamuika m'manda. Ndani wa inu anabwera kudzaona mtumbira?"

Ndinatukwana. Palibe anabwezera.

Kachitidwe kawo kanali kosavuta. Sankapemphera mokweza, poti ena anali Asilamu, ena Akhristu. Ankapatsirana kapu yachitsulo yopanda kanthu, ndipo woigwira ndiye ankalankhula: wamwa kapena sanamwe sabata imeneyo, ndipo chinamuvuta n'chiyani. Kumudula mawu kunali koletsedwa. Ine wa Fomu 4 kumvera mlimi wa chinangwa akufotokoza maloto ake a njoka, zinkandinyansa. Kapu itafika kwa ine, onse anangodikira mpaka nditalankhula.

Ndinapitako Lachitatu lililonse. Sabata yachiwiri ndinagwa, ndinagula botolo kwina, ndipo ndinakaulula. Masabata otsatirawo sindinamwe.

Tsiku lina pochokera kushediko miyendo inandidutsitsa kuseri kwa mpanda wa mayi uja. Anali masana ndithu. Ndinamva chitsekerero chikuchoka pabotolo, kenako mawu a mnzanga wina akutchula anthu aja. Anatchula msodzi. Anatchula ena. Kenako anati:

"Akalaliki."

"Amwe," onse anayankha.

Ndinamva madontho akugwera padothi. Musandiseke, koma ndinayang'ana pansi kuti ndione ngati chithunzithunzi changa chilipo. Kenako mkwiyo unandikwera. Ndinagwira chitseko cha bango kuti ndilowe ndiwaonetse agalu amenewo kuti ndili moyo. Koma ndinkadziwa mmene akanandilandirira: kukuwa, kundikumbatira, botolo m'manja. Pofika madzulo alamu akanandinunkhiza, ndipo mpunga unali utapsa.

Mayi uja anandiona pampata wa mpanda. Anandiyang'ana kumaso kwenikweni, ngati akuyang'ana mtengo, n'kutembenuka kukasonkhezera moto. Sananene kwa aliyense. Ndinasiya chitsekocho.

M'mawa mwake ndinalawirira kwa alamu. Ndinagogoda mwamphamvu mpaka anatuluka akumanga lamba. Ndinawayandikira n'kuwauzira mpweya kumaso.

"Nunkhizani."

"Mukununkha m'kamwa basi, alamu," anatero, atakwinya mphuno.

Ndinatenga chikwakwa chawo chimene chinali pakhonde, osapempha, n'kutsogola njira ya kudambo kukadula mpunga.