Sayilini ya Loweruka

Ndikukumbukira nyumba yathu yoyamba kuno ku Australia, kumwera kwa Perth, kufupi ndi mafakitale a ku Kwinana. Ukaima pakhonde n'kuyang'ana chakunyanja, unkaona machumuni ataliatali, matanki oyera, ndi lawi losazima pamwamba pa chitoliro cha fakitale yoyenga mafuta. Alendo ochokera ku Lilongwe akaliona lawilo ankafunsa ngati kukupsa, ife n'kumaseka. Mphepo ya masana inkabwera ndi fungo ngati la mazira oola. Tikagwira mphuno, amayi ankati, "Limenelo ndi fungo la ntchito ya bambo anu, musalinyoze."

Bambo ankawotcherera zitsulo mu imodzi mwa mafakitale amenewo. Sabata iliyonse, pa tsiku lodziwika, sayilini yochenjeza za ngozi inkalira pongoiyesa, moti ngakhale agalu sankadzutsa mutu. Koma kusukulu anatiphunzitsa kuti ikadzalira tsiku lina, tidzalowe m'nyumba, titseke mawindo onse, tizimitse makina oziziritsa mpweya.

Inalira Loweruka lina masana, kukutentha koopsa. Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri. Bambo anali ku fakitale, amayi ali ku ntchito yosamalira okalamba ku Fremantle. Mlongo wanga wamng'ono Takondwa, yemwe ankadwala mphumu, anali atapita ndi kanjinga kake kupaki ya kumapeto kwa msewu wathu, monga ankachitira masiku onse.

Poyamba ndinangoti asokoneza tsiku. Koma sinasiye. Inkakwera, kutsika, kukweranso. Nditasuzumira pawindo ndinaona utsi wachikasu ukukwawa pamwamba pa madenga, osakwera kumwamba ngati utsi wina uliwonse. Msewu wonse unali zii. Kenako maso anga anagwera patebulo, pomwe panali kabotolo kamankhwala kamene Takondwa ankapopera m'kamwa akabanika. Anali atakasiya.

Ndinanyowetsa thaulo, n'kudziphimba kumphuno, n'kutuluka. Mpweya unkaluma m'maso ngati tsabola, kukhosi kukuwawa ngati ndameza mchenga. Ndinathamanga ndikuitana dzina lake, koma mawu anga ankamezedwa ndi sayilini. Kupaki kunalibe munthu. Njinga inali itagwa pa udzu. Ndinayamba kuganiza zomwe ndidzanene kwa amayi.

Ndinamupeza atabisala mu chipaipi chachikulu chimene ana ankakwawiramo posewera, atakumbatira maondo. Chifuwa chake chinkalira ngati wezulo wosweka, milomo itatuwa. Ndinamupopera mankhwala, theka lake n'kuthera pachibwano. Takondwa ankayankha m'Chingerezi nthawi zonse, ngakhale ukamulankhula Chichewa, koma tsiku limenelo anandigwira malaya n'kunong'ona kuti, "Achemwali, ndikuopa."

Ndinamubereka kumsana. Sitinapite patali pamene galimoto ya a Ron inaima pambali pathu. A Ron anali Mzungu wachikulire woyandikana nafe, amene anagwirapo ntchito m'mafakitale omwewo mpaka kupuma. Anatitsegulira chitseko cha galimoto. Anatinyamula kupita nafe kwawo, anatchinga pansi pa zitseko ndi mabulangete onyowa, namukhazika Takondwa choweramira patsogolo kuti azipuma bwino. Anali ndi chinkhwe choyera m'khola, ndipo mbalameyo inasankha nthawi yomweyo kuyamba kutsanzira sayilini. A Ron anaifunditsa nsalu ya patebulo, n'kuiuza mawu amene amayi sakanalola kuti ndimve.

Takondwa atayamba kupuma bwino, mantha anga anasamukira kwa bambo. Pawailesi ankangoti anthu akhale m'nyumba, kwatuluka mpweya woipa pa fakitale ina. Sanatchule kuti iti. Ndinawafunsa a Ron ngati inali ya bambo. Akuyang'ana pawindo, anati, "Bambo ako amadziwa kothawira." Sanandiyang'ane ponena zimenezo, ndipo ndinazindikira kuti nawonso sakudziwa.

Amayi anafika kwa a Ron wapansi. Apolisi anali atatseka msewu, iwo n'kusiya galimoto pomwepo, n'kudutsa m'tchire atadziphimba ndi chitenje. Anamugwira Takondwa pachifuwa, kumvetsera, kenako anakhala pansi pakhitchini ya eni ake n'kuyamba kupemphera chamumtima, milomo yokha ikugwedera. Foni ya bambo inkangoitana osayankhidwa.

Bambo anabwera dzuwa litapendeka, maso ali psuu, ovololo ikununkha mankhwala. Inalidi fakitale yawo. Mnzawo wina wa ku Zambia, amene ankabwera kwathu pa Khirisimasi, anali atatengedwa ndi ambulansi, ndipo ngakhale anachira, sanabwererenso ku ntchitoyo. Bambo anatikumbatira tonse pamodzi. Amayi ndiwo anayamba kulankhula. "Bambo a Takondwa, tisamuke kuno." Bambo anati, "Ndamva, tikambirana." Lolemba m'mawa ndinawamva akumanga nsapato zawo zolemera pakhomo, ndipo ndinadzifunditsa bulangete kuti ndisamve galimoto ikuchoka.

Tinakhalabe m'nyumba imeneyo mpaka ine kumaliza sekondale. Masiku ano fakitale yoyenga mafuta ija inatsekedwa, pangotsala matanki osungira mafuta obwera pa sitima. Kumene kunali tchire kwamangidwa nyumba zatsopano, ndipo mabanja achinyamata amene akugulako sadziwa kuti kale amayi athu sankayanika zovala zoyera panja poopa mwaye. Takondwa ndi bambo wa ana awiri tsopano, mphumu inamusiya. Nkhaniyi saikumbuka bwino, amangoti panali mbalame yaphokoso.

Bambo anapuma ntchito ali ndi chifuwa chosatha chimene safuna kuti tizichikamba. Ndinawafunsa chaka chatha ngati sankaopa kubwerera Lolemba lija. Anatsokomola kaye, n'kundiyang'ana.

"Ndinkaopa tsiku lililonse, mwanangu. Koma inu munkafunika kudya."