Akuti ndife amago

Liwu loti mago ndinalimva koyamba nditagwira mkono wa mayi wina wa m'tauni, m'munda mwanga momwe, ndipo mpaka lero ndikalikumbukira mtima umachita kuwira. Koma ndiyambe ndi mundawo.

Kwathu ndi kufupi ndi Mpingu, ukangopatuka pa msewu wa ku Mchinji. Munda umene ndikunenawu anandisiyira ndi mayi anga, ndipo kumalire kwake, cha ku msewu wafumbi, kuli mkuyu waukulu wa mphako. Amuna anga kwawo ndi ku Kabudula. Anabwera kudzakhala chikamwini tonse tili achinyamata, ndipo munda umenewu anaulima mpaka imvi zinayamba kutuluka. Munthu wake ndi wofatsa mopitirira muyezo, woti ungamuponde phazi iye n'kukupepesa. Ine ayi, pakamwa panga sipatsekeka, anthu akudziwa.

Zaka zimenezo minda ya cha ku Njewa inkagulidwa ngati zitumbuwa. Anthu a m'tauni ankabwera pa galimoto, n'kumayenda m'malire foni ili m'manja, posakhalitsa ungoona njerwa zatsitsidwa. Aliyense wa munda wa m'mbali mwa msewu mtima unali m'mwamba.

Ndiye galimoto zinayamba kuima pa mkuyu wathu, makamaka Loweruka. Ankatsika awiri kapena atatu, nthawi zina ndi mzungu, maso ali pa foni, kuyenda uku, kubwerera, kuzungulira mtengo. Munthu wa m'mudzi akamayandikira, onse ankasintha. Wina aziwerama kumanga chingwe cha nsapato, wina aike foni kukhutu ngati akuyankhula ndi munthu. Ukangodutsa, ayambiranso. Tandiuzani, inuyo mukanaganiza chiyani?

Alongo anga awiri anaganiza kuti munda ukugulitsidwa mobisa. Nanga wogulitsa angakhale ndani? Mkamwini, basi. Tsoka ilo, tsiku lina amuna anga akugwira ntchito pafupi ndi mkuyuwo, alendo ena anawapatsa moni. Iwo anavula chipewa monga mwa chizolowezi chawo, n'kulandira ndi manja awiri botolo la madzi lomwe anawaninkha. Mlongo wanga wamkulu anaona zonsezo akudutsa pa njinga.

Alongo angawo anatikhazika pansi pakhomo pathu pomwe. Anati alamu awo adya za anthu a m'tauni, anati kufatsa kuja n'kobisalirako. Amuna anga anati anthuwo sakuwadziwa, ngakhale dzina la mmodzi. Ine ndinalalata mpaka mawu anasasa. Ndinawakumbutsa amene ankafolera nyumba ya mayi athu chaka ndi chaka eni akewo ali ku bawo, amene anawanyamula pa njinga kupita nawo ku chipatala cha ku Namitete atadwala. Anandiyankha kuti chikondi chandiphimba m'maso. Wamkulu uja anatsiriza ndi mawu amene sindidzawaiwala.

"Alamu, munda uwu si wanu. Munabwera ndi khasu lokha, ndi khasu lomwelo mungabwerere."

Amuna anga anangonyamuka n'kulowa m'nyumba. M'mawa mwake anamanga zovala zawo pa njinga, khasu analisiya pansi pa nkhokwe, ulendo wa ku Kabudula. Mtedza unali utakhwima, wosakumba.

Ndinaukumba ndekha, ndipo ndinkakhalira dala mbali ya ku mkuyu. Loweruka lina dzuwa lili paliwombo, galimoto inaima. Anatsika mayi wa magalasi ndi bambo wa chipewa chachikulu. Ndinagona pansi kuseri kwa mulu wa mtedza. Anazungulirazungulira, kenako mayiyo anapisa dzanja mu mphako n'kutulutsa kabokosi ka pulasitiki, konga kamene ana a m'tauni amaikamo chakudya popita ku sukulu. Ndinadzambatuka n'kumugwira mkono.

Anakuwa, kenako anayamba kuseka, n'kuuza mnzakeyo kuti mago wawagwira. Ndinafunsa kuti mago ndiye ndani pano. Ataona kuti sindikuseka nawo, anafotokoza. Akuti ndi masewera, dzina lake jiyokashing'i, ndipo amaseweredwa m'maiko ambiri. Wina amabisa kabokosi n'kulemba pa intaneti pamene kali, anzake n'kumakasaka foni ikuwalondolera. Akakapeza amalemba dzina pa kapepala kali m'katimo, n'kukabwezera pamalo pake. Anatsegula kuti ndione. Munali mikanda, kogwirira makiyi, ndi kagalimoto kachidole kopanda tayala limodzi. Timeneto akuti ndi swagi, ukatenga kamodzi umasiyamo kena. Ndinaima pamenepo kuyang'ana kagalimotoko, ndikuganiza za nyumba yanga yopanda mwamuna.

Nanga mago? Anati ndi munthu aliyense wosadziwa za masewerawa, ndipo mwambo wawo ndi woti mago asakuone ukutulutsa kabokosi, kuopa angakabe. Zomanga zingwe za nsapato zija chifukwa chake chinali chimenecho. Tamvani zimenezo abale! Munthu walowa m'munda mwako osaodira, wabisa katundu wake mu mtengo wako, koma womuopa kuti angabe ndiwe mwini malo. Kwathu kuno ngakhale wofuna udzu wa mbuzi amayamba wapempha.

Pofuna kundiziziritsa mtima, anayamba kundiwerengera pa foni zimene anzake analemba za malo athuwo, kumasulira m'Chichewa. Ena analemba di-eni-efu, ndiye kuti ndinasaka koma sindinakapeze. Mmodzi anawonjezera kuti analephera chifukwa mago wachikulire wa khasu ankangoyang'ana osachoka. Mago ameneyo anali amuna anga, ali pa ntchito yodyetsa ana awo. Ambiri anangolemba ti-efu-ti-si, akuti tanthauzo lake ndi zikomo chifukwa cha kabokosi. Ndinafunsa kuti zikomoyo ankapita kwa yani. Anati kwa amene anabisa. Nanga wobisayo anapempha kwa yani? Anayang'anana. Bambo uja anati malamulo awo amati uziyamba wapempha mwini malo, mwina mnzawoyo anaona ngati ndi tchire chabe. Tchire, mizere yoongoka ngati ija.

Ndinawauza zonse zimene kabokosi kawo kanachita pakhomo panga. Sindinganame kuti anali anthu oipa mtima, mayiyo misozi inalengeza ndithu. Koma pepani sapoletsa chilonda. Ndinakwera galimoto yawo ndi fumbi langa lomwe, kabokosi kali m'manja, n'kuwalondolera kwa mlongo wanga wamkulu kuti akanene okha.

Mlongo wanga anamva zonse, anatembenuza kagalimoto kaja m'manja, n'kuseka chiseko cha manyazi. Anati zinthu zake zinali zosokoneza, aliyense akanalakwitsa, ndipite ndikawauze alamu abwerere. Ndinati apite yekha, pakuti pakamwa pothamangitsa munthu panali pake. Akuti njinga yake inali itaphwa. Njinga yomwe ija inkazonda amuna anga m'munda. Kunena zoona, a m'tauni aja ndinawakwiyira, koma mkwiyo wa pa mlongo wangayu ndi umene sunaphwe mpaka lero.

Ndinapita ku Kabudula kabokosi kali m'chikwama. Amuna anga ndinawapeza m'chigafa akusankha fodya wa mng'ono wawo. Ndinafotokoza za amago, za di-eni-efu, zonse. Anamvetsera mpaka ndinamaliza. Anatsegula kabokosiko, anayang'anamo, anatseka.

"Mayi," anatero, "zaka zonse zija ine ndimayesa ndine munthu wa pamudzi panu. Kanthu aka kokha kanakwana kundichotsa. Mukandifuna, ndili kuno."

Ndinakalipa, ndinalira, ndinanyengerera, ndinatuma ndi ankhoswe omwe. Munthu wofatsa akakana, wakana.

Lero ndine mtengwa ku Kabudula, pa msinkhu woti ndikanakhala ndikulandira akamwini pakhomo panga. Ndimalima kamunda kochita kundigawira. Munda wa mayi anga akulima ndi mlongo wanga uja, amene ankati akuuteteza. Kabokosi ndimasungiramo mchere. Mayi wa magalasi anali atandiuza kuti anthu onga ife tikachotsa kabokosi, iwo amalemba kuti magodi, ndiye kuti amago atenga, masewera a pamalopo athera pomwepo. Alembe ndithu, mago wake ndine.

Khasu la amuna anga likadali pansi pa nkhokwe pomwe analisiya. Ndinauza mlongo wanga kuti munda alime, koma tsiku limene adzakhudze khasu limenelo adzandidziwa.