Timapepala Tachikasu

A Stan Petrilla ankaopa udzu. Osati udzu wamba ayi, koma wa pakhomo pa fakitale. M'mawa uliwonse asanalowe pageti ankaima n'kuuyang'anitsitsa ngati wadulidwa, chifukwa fakitale yomweyi itatsala pang'ono kutsekedwa ulendo woyamba, mabwana anayamba ndi kuchotsa ntchito wotchetcha udzu. Kenako makina a khofi anauma. Pomaliza kunabwera munthu womamata timapepala tachikasu ta manambala pa makina onse, ndipo patangotha milungu itatu makinawo anagulitsidwa pa okushoni. Theka la tauni yawo ya ku Ohio, ku America, linatsala manja ali m'khosi.

A Petrilla anali atamangirira zitseko za magalimoto zaka makumi awiri ndi zitatu. Ntchito itatha, anayendetsako basi ya ana asukulu. Ndiye kampani ina itagula fakitale ija n'kulengeza kuti izipanga magalimoto oyendera magetsi, a Petrilla anali oyamba pamzere. Cholakwa chawo n'chakuti sanalowe okha. Anaimbira foni mwana wawo Jolene, yemwe anali pantchito yabwinobwino pachipatala cha mano mumzinda wa Columbus.

"Bwera kwanu mwanawe, tauni yadzuka," anatero.

Jolene anawamvera. Anasiya ntchito n'kubwera ndi ana ake awiri, ndipo analembedwa kopenta magalimoto pafakitale pomwepo.

Galimoto yoyamba inayenera kutuluka mu Malichi. Malichi anadutsa. Mabatire akuti ali pasitima, ndipo atafika akuti akutentha kwambiri, abwerere komwe achokera. Maloboti owotcherera ankaphonya msoko, akatswiri ochokera kutali n'kumawazungulira akukanda mitu. Anati Julayi, kenako anati chaka chisanathe. Pofuna kuti anthu asamangokhala, akapitawo anawapatsa galimoto imodzi yabuluu: Lolemba kuimanga, Lachinayi kuimasula, Lolemba kuimanganso. A Petrilla anamanga chitseko chimodzimodzicho mpaka mabawuti ake anatha mazinga.

"Madala, chitseko chimenechi mungochikwatira basi," ankatero Deshawn, yemwe ankamanga mipando pafupi nawo. "Mwachisisita kuposa mayi akunyumba."

"Iwe seka. Udzu wauona?"

"Mwayambanso! Kodi ndinu mbuzi, m'mawa uliwonse nkhani ya udzu?"

Kunena zoona munthu wamantha amatopetsa, ndipo a Petrilla ankatopetsadi. Ngakhale akazi awo anawaletsa kutchula fakitale pa nthawi ya chakudya. Koma mantha awo sanali a iwo eni. Pa msinkhu wawo akanabwerera kubasi ija osadandaula. Chinkawadya mumtima ndi Jolene, amene anali atangolembetsa ana sukulu n'kuwapentera chipinda, ndipo zonsezi anachita chifukwa cha foni imodzi ya bambo ake.

Mu Ogasiti udzu unafika m'akakolo. Mu Sepitembala makina a khofi anamatidwa chikalata chakuti awonongeka, ndipo wodzakonza sanabwere. A Petrilla anayamba kumangocheukira kuchitseko chachikulu, mtima uli m'mwamba, kudikira munthu wa timapepala. Ankamuona m'maganizo: mzibambo wachilendo wosapereka moni, ngati wa ulendo woyamba uja.

Lachinayi lina masana akumasula chitseko chawo chija, anamva mawu kumbuyo.

"Adadi, tangoganizani! Andichotsa kopenta, ndili ku ofesi tsopano."

Anali Jolene, nkhope ili ngwee, mano onse panja. Padzanja anakolekapo mpukutu wa timapepala tachikasu.

Sipanala inawapulumuka a Petrilla n'kulira pasimenti. Deshawn anayang'ana mpukutuwo, n'kuyang'ana mkuluyo.

"Wakupatsa ndani zimenezo?" anafunsa a Petrilla.

"Abwana athu atsopano. Akuti makina alionse akhale ndi nambala pofika mawa, n'za inshuwalansi. Inu mwatani kodi? Nkhope ngati mwaona mzukwa."

A Petrilla anafuna kumuuza zonse, za udzu, za khofi, za milungu itatu.

"Ku Columbus kuja," anafunsa motsitsa mawu, "malo ako analowapo wina?"

"Kalekale, mwezi womwe uja. Bwanji?"

"Palibe."

Jolene anamatula kapepala, nambala 214, n'kuloza makina onyamulira zitseko amene bambo ake anatsamira.

"Ndiye tasunthani pang'ono adadi, ndimate apa."

A Petrilla anasuntha.