Gitala Wodikirira Mlendo Wolemekezeka

Aloysius Ganamba waimba gitala mu Blantyre muno zaka makumi atatu ndi zitatu, koma mukapeza munthu amene anamvapo nyimbo yake kuyambira poyamba mpaka pothera, mundiitane ndidzamugwire chanza. Ine sindinamvepo, ndipo ndilibe womuloza chala, pakuti wodula nyimbozo nthawi zambiri ndinali ine ndemwe. Dzina langa ndine Jacob, woyendetsa miyambo: maukwati, zinkhoswe, kutsegulira zimbudzi za pamsika, kutsanzikana ndi mabwana opuma pantchito. Maiki kudzanja lamanzere, pulogalamu m'thumba, maso kugeti.

Mwina simudziwa ntchito ya woimba pamwambo wa kuno. Woimba saitanidwa kuti amvedwe. Amaitanidwa kuti anthu asazindikire kuti mlendo wolemekezeka wachedwa ndi maola awiri. Galimoto ikangolowa pageti, woyendetsa mwambo amakweza dzanja, nyimbo n'kufera pomwepo. Oimba ena ukawakwezera dzanja amayamba akuyang'ana ndi diso la nkhwezule, kenako n'kumalizitsa kolasi mwamakani. Aloysius ayi. Ankadula pakati pa liwu, uku akumwetulira, ndipo ife oyendetsa miyambo tinkachita kumulimbirana.

Anabwera kuchokera ku Nsanje ali ndi zaka makumi awiri, nafikira kwa amalume ake ku Nkolokosa. Amalumewo anamupezera ntchito yosanja makatoni pa fakitale ina ya sopo ku Makata. Masiku amenewo fakitale yodzilemekeza inkakhala ndi timu ya mpira komanso bandi, ndipo atamumva akukandakanda nsambo za gitala pa nthawi ya nkhomaliro, anamuveka malaya achikasu n'kumukweza pa lole. Ankaimba nyimbo za popu zimene zinkamveka pa wailesi, zachikondi zokhazokha, m'Chingerezi chimene Aloysius analoweza osadziwa kuti akulonjeza chiyani. Loleyo inkaima pamsika wa Limbe kapena ku Ndirande, bandi n'kuyamba, anthu n'kukhamukira. Akangochuluka, mnyamata wa maiki ankadula nyimbo kuti aonetse momwe sopoyo amachitira thovu. Mnyamata wa maikiyo ndinali ine.

Pa lole yomweyo ndi pomwe anapezera mkazi. Anastazia anapambana mpikisano wovina pa Limbe, nalandira ndowa ya pulasitiki kuchokera m'manja mwa Aloysius. Mpaka lero mayiyu amati ndowayo inali yabwino ndithu, koma anamupatsa pamodzi ndi katundu amene sanapemphe.

Fakitale itagulidwa ndi eni ena, bandi inatha, zida n'kugulitsidwa. Aloysius anapeza ntchito mu nyumba ina yosungiramo katundu ku Makata komweko, nasamukira ku Chimwankhunda, ndipo tonse tinaganiza kuti munthu wakula. Ndiye kunatulukira Nizam, mwana wa mmwenye wa sitolo ya malata ndi misomali ku Limbe, amene anabwera kuchokera kusukulu kunja ndi tsitsi lofika m'mapewa ndi masipika aakulu ngati mawodilopu. Nizam ankafuna bandi ya roki, nyimbo zija zaphokoso zimene gitala amalira ngati macheka. Aloysius, bambo wa ana awiri, membala wa kwaya ya kutchalitchi, anakagula jekete lachikopa pa kaunjika n'kumalivala mwezi wa Okutobala, thukuta lili kamukamu.

Ndinamuuza kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Anandiyankha kuti mu roki muli malo amene oimba onse amakhala chete, gitala n'kumayankhula yekha mphindi zitatu. Maso ake ankachita kuwala akamanena zimenezo. Vuto linali loti malowo amabwera kumapeto kwa nyimbo, ndipo nyimbo ya roki pa Blantyre sinkakhala moyo mpaka kukalamba. Magetsi akapanda kuzima, eni malo ankazula chingwe. Amayi a mphakati wa kutchalitchi anapita kukamupempherera Anastazia, poti mbiri inawanda m'Chimwankhunda kuti amuna ake ayamba kuimbira Satana. Ine ndinawatengera ku ukwati kamodzi kokha. Mayi a mkwatibwi anagwira pamtima, ankhoswe anandiyang'ana, ndipo dzanja ndinakweza nyimbo isanafike ngakhale pa kolasi.

Roki inatha pamene bambo ake a Nizam anamupezera mkazi n'kumuika pakauntala. Tsitsi linametedwa, masipika anagulidwa ndi mpingo wina wa ku Bangwe. Aloysius anatsala ndi gitala wa bokosi, wosafuna magetsi, amene Nizam anamusiyira ngati chipepeso.

Apa ndi pomwe anayamba kuimba yekha. Mabungwe akamachita misonkhano m'mahotela a m'tauni, ankamukhazika pakona pa nthawi ya chakudya, kuti anthu okambirana za umphawi asamve phokoso la mafoloko awo. Poti panalibe womvetsera, analeka nyimbo za eni n'kuyamba kupeka zake, Chisena chosakaniza ndi Chinyanja: za madzi osefukira, za amayi ake akuwamba nsomba, za munthu wogona m'nyumba ya lendi akulota munda wake. Tsiku lina ndili pamzere wa chakudya ndinangozindikira kuti mbale ili m'manja koma sindikusuntha. Nyimbozo zinali zabwino, zogwira mtima. Ndikunena za theka limene ndinamva, chifukwa ola likakwana ndinkaomba m'manja kuti nthumwi zibwerere m'holo.

Chaka chatha nyamakazi inamugwira zala za kumanzere, zija zopanira nsambo. M'mawa uliwonse ankayamba waviika dzanja m'madzi ofunda kuti zala ziwongoke. Adokotala anamuuza mosabisa kuti matendawa sabwerera m'mbuyo. Loweruka lina anafika kwathu, nakhala osavula chipewa.

"Achimwene," anatero, "zalazi zikutha. Mwina miyezi itatu, mwina iwiri. Ndapeka nyimbo ina. Ndikufuna ndiiimbe pamaso pa anthu okhala pansi, mpaka ithe. Imodzi yokha basi."

Ndinamva chisoni, ndiponso manyazi. Ndinalumbira kuti mwambowo ndiyendetsa ndekha, ndipo dzanja langa likhala m'thumba ngakhale denga litagwa.

Tinapeza holo ku Limbe, kuyambira 1 koloko mpaka 5 koloko, poti ikakwana 5 mpingo wina unkalowamo kudzapemphera. Kenako, monga mwa chikhalidwe chathu, tinakhazikitsa komiti. Komitiyo inakumana katatu, ndipo pa ulendo wachitatu wapampando anafunsa funso limene aliyense ankalidikira: mlendo wolemekezeka akhala ndani? Ndinayang'ana Aloysius, ndikuyembekeza kuti munthu amene wazunzika ndi alendo olemekezeka moyo wake wonse akana. Anavomera woyamba.

"Popanda mlendo anthu ationa ngati amasiye," anatero. "Tebulo lapatsogolo pakakhala ndani?"

Tinalembera kalata bwana wamkulu wa kampani ina ya mafuta ophikira, ndipo anayankha kuti abwera ndithu, pakuti amakonda luso.

Tsikulo, pofika 2 koloko holo inali itadzaza. Kunabwera Asena a ku Bangwe, anansi a ku Chimwankhunda, anzake akale a pa lole ali ndi imvi, amayi a mphakati aja, ndi Nizam yemwe, atatseka sitolo Loweruka masana, chinthu chimene bambo ake sanachitepo. Anthu pafupifupi mazana awiri, onse atakhala pansi, onse akuyang'ana kutsogolo. Tebulo lapatsogolo linali ndi maluwa ndi mabotolo amadzi, koma mpando wapakati unali wopanda munthu.

Anastazia anandikoka jekete. "Alamu, auzeni aimbe pompano nyimbo yawoyo. Fodya wako ndi amene ali pamphuno."

Ndinapita kukamunong'oneza. Anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi. "Ndiye bwana akabwera ndiwapatsa makombo? Iyayi, achimwene. Tiwadikire."

Ndipo anachita chimene ankachidziwa kuposa wina aliyense: anadikiritsa anthu. Anaimba popu ya pa lole ija, anthu akale n'kumakuwa. Anaimbako roki pa gitala wa bokosi, Nizam n'kumagwedeza mutu wake wadazi. Kunja kukangomveka injini, ankadzidula yekha, ine osakweza dzanja n'komwe. Koyamba inali minibasi yotembenuka pageti. Kachiwiri anali munthu wobweretsa makireti a zakumwa. Maola awiri anathera pamenepo, ndipo ndinkaona zala zikutupa, iye akuzitambasula pabondo pakati pa nyimbo. Mphamvu imene anasungira nyimbo yake inkathera pa nyimbo za eni.

Bwana anafika mphindi khumi itadutsa 4 koloko. Tonse tinaimirira. Panali pemphero, kenako kudziwitsana maudindo, kenako mawu a wapampando wa komiti, amene anayamba ndi mbiri ya komitiyo. Bwanayo anayankhula mphindi makumi awiri za kufunika kotukula achinyamata aluso ngati mnyamata wathu Ganamba, munthu wa zaka makumi asanu ndi zitatu, wokhala ndi zidzukulu. Tinaomba m'manja.

Itatsala kotala kuti ikwane 5, ndinamuitana Aloysius. Anakhala pampando, nayang'ana dzanja lake kanthawi, n'kuyamba.

Ndayendetsa miyambo yoposa chikwi, koma bata la mtundu umenewo sindinalimvepo. Ndime yoyamba inali ya mnyamata wokwera basi ku Nsanje, amayi ake atamumangira mbatata yowotcha m'kansalu, akumuuza kuti kutauni azilankhula motsitsa. Mayi wina wa ku Bangwe anayamba kulira poyera. Ndime yachiwiri inali ya munthu amene waima pageti la eni zaka zonse, akuimbira anthu oyang'ana kwina. Zala zinkaterereka pa nsambo zina, koma panalibe wosamala. Anastazia anali atatseka maso.

Ndiye ndinamva fungo la mafuta onunkhira pambali panga. Anali mlembi wa bwana, mayi Jacqueline.

"Bambo, pepani," anandinong'oneza. "Bwana ali ndi pulogalamu ina ku Nyambadwe. Akuti ajambulitse kaye ndi woimbayo, azinyamuka."

Ndinayang'ana kutebulo. Bwana anali akugogoda wotchi ndi chala, akundimwetulira.

Ndikanakonda ndikanakuuzani kuti ndinalimbana ndi mtima wanga. Sindinalimbane nawo. Dzanja linatuluka m'thumba n'kukwera lokha, ngati mmene phazi la dalaivala limapondera buleki. Aloysius anali akulowa ndime yachitatu. Anadula pakati pa liwu, namwetulira. Ndipo ndinamva pakamwa panga pakunena kuti, "Tiwaombere m'manja! Tsopano tonse tiimirire, mlendo wathu wolemekezeka akutisiya."

Anajambulitsa, bwana atagwira gitala ngati akudziwa kuimba. Holo yonse inatuluka kukaperekeza galimoto, poti mlendo satuluka yekha. Pobwerera tinapeza a mpingo aja akulowetsa kale kiyibodi ndi ng'oma zawo, mkulu wa mpingo ataima pakhomo ndi makiyi.

Masabata atatu sindinaponde ku Chimwankhunda. Aloysius akandiimbira foni ndinkangoiyang'ana mpaka isiye kulira. Ndinamva kwa Nizam kuti chitupireni tsiku lija zala sizinawongokenso, ndipo gitala wakwezedwa pamwamba pa wodilopu. Lamlungu lina masana ndinadzikakamiza kupita. Ndinamupeza pakhonde akusenda nzimbe ndi dzanja lamanja. M'chipinda chochezera, chithunzi chake ndi bwana chinali kale m'felemu.

Ndinayamba kupepesa mwachibwibwi, ine munthu wodyera pakamwa. Anaseka mpaka kutsokomola.

"Achimwene, munandipulumutsa inu! Ndime yachitatu kunalibe. Sindinaipeke n'komwe. Zaka zonsezi ndinafikako liti ku ndime yachitatu? Mukanapanda kukweza dzanja lija, ndikanayaluka pamaso pa bwana."

Ndinapuma ngati munthu wotula thumba la simenti. Tinadya nzimbe, tinaseka za jekete lachikopa lija, ndipo ndinayamba kuganiza kuti mwina ndine munthu wabwino ndithu.

Potsanzika, Anastazia anati andiperekeze mpaka pamsewu. Tinayenda kudutsa pa mjigo ndi pa okala ya makala. Titafika pa siteji ya minibasi anaima, osandiyang'ana.

"Alamu, akunamizani amuna angawo. Ndime zinalipo zinayi. Ndinkazimva m'mawa uliwonse, dzanja lili m'beseni."



"Yachitatu inali yanga," anapitiriza. "Yachinayi munali dzina lanu. Amakuthokozani kuti mwayenda nawo ulendo wonsewu osawataya."

Minibasi inaima, kondakitala akukuwa kuti m'tauni, m'tauni, malo alipo. Anastazia anamanganso chitenje chake bwinobwino, natembenuka kubwerera kunyumba.