Batani Losalemba Kanthu

Bambo Efraimu anafika ku Mbamba Bay, tsidya lino la nyanja, kuchokera ku Nkhotakota tsitsi lili lodzaza mutu, akuti angokhala nyengo imodzi ya usipa. Tsitsilo linapita kalekale, eni ake akadali konkuno. Anapalasa bwato mpaka msana unawakana, ndiye mwana wa mlongo wawo, Antonia, amene ali ndi steshenari kuseri kwa msika, anawapatsa mpando pa kompyuta. Ntchito yake yochepa: kulemba mayina ndi manambala a maboti m'zilembo zikuluzikulu, eni maboti n'kukadula pepalalo, kuliika pathabwa, n'kupaka penti.

Amalemba ndi chala chimodzi, chonenepa ngati chinangwa cha ku Ngumbo. Chimayamba chazungulira m'mwamba ngati nkhwazi, kenako phwa! pa chilembo. Dzina la boti limodzi inu mutha kumwa tiyi, kutsuka kapu, njala n'kuyambiranso, iwo akadali pakati.

Kuchedwako Antonia sankadandaula nako. Chovuta n'chakuti tebulo linayang'ana kukhomo, ndipo pakhomopo, pakati pa shopu ya mafoni ndi mtengo wa mango, pamaoneka kachigawo ka nyanja. Masana madzi amawala ngati malata atsopano, nkhungu zitaimirira kutali ngati utsi wa mudzi umene palibe anafikako. Bambo Efraimu akangoyang'ana kumeneko, basi apita. Thupi lili pampando, koma iwo ali m'bwato ndi malemu Theophil, mnzawo wakale, ukonde uli m'madzi, mphepo ikununkha mvula ya kutsidya.

Akabwerako, kompyuta yapenga. Akalemba nambala, pamatuluka kankhono, kaukonde, kanyenyezi. Nthawi zina chala chikatsetserekera pa batani la Kontolo, chilembo chotsatira chinkameza tsamba lonse.

Mwini boti wina wa ku Ndumbi anabweza pepala. "Mzee, nambala yanga ili kuti? Izi ndi nyenyezi."

"Boti la nyenyezi silisochera," anatero bambo Efraimu. Munthu uja sanaseke.

Antonia anaitana fundi wokonza makompyuta, dzina lake Ignas. Anazula mabatani, napuzira, natulutsa mamba a usipa, nyerere zakufa ndi kanjere ka mpunga. Anayesa kiyibodi ina. Kenako anakhala pansi n'kulemba ndi zala zonse, Shifiti ndi chilembo kuzipanira pamodzi, ndipo kompyuta inamvera ngati mwana wa mpingo.

"Haina shida, dada," anatero Ignas pouza Antonia m'chinenero cha konkuno. "Ilibe vuto, chemwali. Mwina imangodana ndi malume."

Atachoka, mawa lake nyenyezi zinabwerera. Antonia akakhalapo yekha, zimatha. Malume akakhalapo, zayamba.

"Malume," anatero Antonia mosakweza mawu, "ndimakulemekezani. Koma ikachitanso, mupita kukayanika usipa pathandala. Makasitomala akuthawa."

Bambo Efraimu anangoti, "Chabwino, mwanawe." Koma mumtima munalowa mwala. Pathandala n'powerama tsiku lonse, msana uja sungalole. Komanso kugombe anthu anali atayamba kuwatchula kuti Mzee wa Kompyuta, ndiye kuti mkulu wa kompyuta, ndipo iwo anali atagula kale magalasi oyenera dzinalo.

Tsiku lotsatira Antonia ananamizira kusanja mapepala kumbuyo kwawo, diso lili pa dzanja la malume. Anayamba bwinobwino. Kenako bwato lina linadutsa pakachigawo kaja, mutu unadzuka, maso n'kuyandama. Chala chinatsika chokha kumanzere kwa kiyibodi n'kuyamba: go, go, go-go, go. Kompyuta inalira kamluzu, pasikirini n'kutuluka kabokosi kofunsa m'Chingerezi. Bambo Efraimu, osayang'ana n'komwe, anadina batani la Enta monga munthu wothamangitsa ntchentche, n'kupitiriza kugogoda.

"Malume! Mukutani?"

Anadzidzimuka. "Ine? Palibe."

"Chalacho."

Anachiyang'ana ngati cha mlendo. "Aa, ichi? Chikugogoda bwato. Ukonde ukakhala m'madzi timamenya m'mbali mwa bwato kuti nsomba zithawiremo. Theophil ankamenya kumbuyo, ine kutsogolo."

"Ndiye mukumenya Shifiti?"

"Ndinasankha bwino, iwe. Mabatani enawa ukawakhudza amalemba. Ili lokha ndi laulemu, sililemba kanthu."

Antonia anagwira pakamwa, mapewa akugwedezeka ndi kuseka. Atapeza mpweya anafotokoza. Batanilo ukalimenya kasanu motsatizana, kompyuta imafunsa ngati ukufuna kuti izikugwirira, poti anthu ena sangathe kupana mabatani awiri nthawi imodzi. Ukavomera, Shifiti kapena Kontolo imakhala yogwira ngakhale wachotsa chala. Koma wina akapana mabatani awiri pamodzi, monga iye ndi Ignas, imadziwa kuti thandizo silikufunika, n'kusiya.

Bambo Efraimu anayang'ana kompyuta mwachikondi. "Ndiye inaona kuti ndine wa chala chimodzi, n'kumandigwirira? Nthawi yonseyi ine ndikuitukwana mumtima."

"Ndipo kabokosi kaja mumayankha chiyani?"

"Munthu akakufunsa mwaulemu m'chinenero chake, umavomera."

Antonia anawasuntha pang'ono, nalowa mokonzera makina, nazimitsa njira ya kasanu ija. "Menyani tsopano."

Anamenya. Zii. Anamenyanso, mwamphamvu. Nambala inatuluka nambala.

"Mpando ndi wanu, malume. Koma tebulo titembenuze, liyang'ane kukhoma."

Bambo Efraimu anavula magalasi n'kuwaika patebulo mosamala. "Ukalitembenuza, bola thandala lomwelo. Msana uzipweteka, koma kumeneko nyanja siibisika."

Antonia anali atagwira kale ngodya ya tebulo. Anayang'ana malume ake, nayang'ana pakhomo. Analisiya momwemo.

"Valani magalasiwo, kukubwera munthu."

Analowa mayi wina wa ku Lituhi, thukuta lili kamukamu, akuti boti lake latsopano likulowa m'madzi sabata ino.

"Karibu, mama, khalani pansi," anatero bambo Efraimu, chala chikukwera m'mwamba. "Tchulani dzinalo pang'onopang'ono. Mwamwa kale tiyi?"