Khutu Lakumanja la Taonga

Chizindikiro choyamba chinaoneka mu Meyi 2020, koma ine sindinachitenge ngati chizindikiro. Mwana wanga Taonga, yemwe pa nthawiyo anali ndi zaka zisanu, anayamba kudandaula kuti foni ikulankhula motsika. Ankaichotsa kukhutu lakumanja n'kuiika kulamanzere, kenako n'kupitiriza kumvetsera ngati palibe chachitika. Foniyo inali itagwerapo m'madzi mu Febuluwale, mvula itasefukira m'nyumba mwathu kuno ku Kanyama. Choncho ndinangoti vuto ndi la foni.

Sukulu zinali zotseka kuyambira Marichi chifukwa cha matenda a korona. Taonga ankaphunzira pa sukulu ya ana aang'ono ya kutchalitchi kwathu. Mphunzitsi wake, amene tonse timawatchula kuti ba Ticha Mulenga, sanafune kuti ana aiwale zimene anaphunzira, ndiye anatsegula gulu la makolo pa foni. Lolemba lililonse ankatumiza mawu awo ojambula: nyimbo imodzi, kuwerenga manambala ndi tizitsekero ta mabotolo, ndi masewera amodzi oti kholo lichite ndi mwana. Lachisanu kholo linkayenera kujambula mwanayo akuchita zimenezo n'kutumiza pa gulupo.

Gulu limenelo linkandiopsa. Ine sukulu ndinalekera giredi 4. Amayi ena ankalemba Chingerezi chachitali, ena ankafunsa mafunso, ena ankaseka ndi ba Ticha ngati anzawo. Ine ndinkangotumiza kanema wa Taonga n'kuzimitsa foni. Ba Ticha akafunsa ngati pali kholo lomwe likuona vuto lililonse pa mwana, ndinkayankha ndi kachithunzi ka chala chachikulu. Taonga anali wochangamuka, ndipo makanema ake ndiwo ankandilankhulira. Mumtima ndinkati, ngakhale amake sanaphunzire, aone kuti mwana akudziwa.

Kumayambiriro kwa Juni kunazizira, ndipo Taonga anagwidwa ndi chimfine ndi chifuwa. Patapita masiku anayi anayamba kugwira khutu lakumanja akulira. Thupi linkatentha madzulo, m'mawa n'kuzizira. Sindinapite naye kukiliniki. Mu komboni munali mphekesera yoti aliyense wotsokomola akafika kumeneko amamutsekera payekha, ndipo ndinkaopa kuti andilanda mwana. Ndinagula mankhwala a mutu pa kantemba, kagolosale ka m'mbali mwa msewu. Mayi wina woyandikana nafe anandiuza kuti ndifunditse mafuta ophikira pa supuni n'kudonthezera m'khutumo. Ndinatero masiku atatu.

Tsiku lachinayi ndinapeza mafinya pa pilo. Taonga anasiya kulira ndipo anadya bwino. Ndinasangalala poganiza kuti chotupa chaphulika, matenda atuluka. Ndinkapukuta mafinyawo ndi nthenga ya nkhuku n'kutsekapo ndi thonje. Bambo ake, amene amagwira ntchito yowotcherera zitsulo ndipo ankachoka m'mawa kwambiri, anafunsa kamodzi za thonjelo. Ndinawauza kuti zatha.

Sabata lomwelo ba Ticha anatumiza masewera atsopano. Mwana aime atayang'ana kukhoma. Kholo liime kumbuyo kwake, ligogode supuni pa chivundikiro cha poto pang'onopang'ono, nthawi ina kumanja, nthawi ina kumanzere. Mwana akweze dzanja la mbali imene wamva phokoso. Anaonjezera kuti tisamuthandize mwanayo, tijambule mmene zachitikira.

Tinayesa Lachinayi masana. Ndikagogoda kumanzere, Taonga ankakweza dzanja msanga. Ndikagogoda kumanja, ankangoima, kapena ankakweza lamanzere mokayika. Ndinajambula kasanu, ndipo kasanu konse analakwitsa. Ndinamukalipira kuti akusewera. Pa gulu makanema a ana ena anali atayamba kale kufika, onse akukhoza.

Zimene ndinachita pambuyo pake ndi zimene zandichititsa kulemba nkhani ino. Ndinatsamiritsa foni pa ndowa kuti izijambula kuyambira m'chiuno kupita m'mwamba. Ndinamuuza Taonga kuti ndikamukhudza chidendene ndi chala changa cha kuphazi, akweze dzanja la mbali imeneyo. Anamva msanga, chifukwa ndi mwana wanzeru. Tinajambula kamodzi kokha ndipo sanalakwitse. Ba Ticha anayankha pa gulu pamaso pa makolo onse kuti Taonga ali ndi makutu akuthwa. Ndinamvetsera mawu amenewo katatu, ndikunyada.

Mafinya sanasiye. Anasintha mtundu n'kuyamba kununkha. Juni yense anatha choncho. Ndikamuitana ali panja sankatembenuka mpaka nditakuwa, ndipo kawiri ndinamumenya kuti ndi mwano. Nyimbo za Lolemba ankaziimba mosokoneza mawu. Makanema a masabata amenewo ndinkawajambula mobwerezabwereza mpaka nditapeza wabwino.

Lachisanu lachiwiri la Julayi, ba Ticha anaganiza zoimbira ana foni mmodzimmodzi kuti amve mawu awo. Ndinampatsa Taonga foni, ndipo chifukwa dzanja lamanzere linali ndi chitumbuwa, anaiika kukhutu lakumanja. Ine ndinkamva mawu a ba Ticha ndili chapatali, akumupatsa moni kawiri, katatu. Taonga anandiyang'ana n'kunena kuti, "Amami, sibakamba."

Nditatenga foni, ba Ticha anati, "Bamake Taonga, muikeni ku khutu linangu." Nditatero, mwana anayankha moni mosangalala. Kenako ba Ticha anandifunsa ngati khutu lakumanjalo lili ndi vuto. Ndinati linatuluka timadzi pang'ono. Iwo anati, "Osayembekeza Mande. Mumupeleke lelo." Ndinavomera, koma sindinapite. Ndinkaganiza za mafunso amene anesi akandifunse, ndi mmene ndikayankhire kuti mwezi wonse ndinali kuti.

Lamlungu m'mawa Taonga analephera kudzuka. Thupi linali lotentha kwambiri ndipo anasanza phala. Kuseri kwa khutu kunali kutatupa, kofiira, ndipo khutulo linali litakankhikira kutsogolo moti nkhope yake inkaoneka yopendekeka. Bambo ake ataona anamubereka okha kumsana, chinthu chimene anali asanachitepo, mpaka kukiliniki.

Pa geti anatisambitsa m'manja n'kutiyeza kutentha pa mphumi. Palibe amene anatitsekera, ngakhale Taonga ankatsokomolabe. Tinakhala pa benchi pafupifupi maola awiri, wina apa wina apo, aliyense atavala masiki. Nesi atachotsa thonje lija anafunsa kuti mafinya anayamba liti. Ndinati sabata latha. Anandiyang'ana n'kufunsanso. Ndinati mwezi ndi masiku. Sanandikalipire. Analemba kalata n'kunena kuti, "Ivi vapitilila pano. Muyende ku chipatala chikulu manje manje, osapita ku nyumba."

Kuchipatala chachikulu tinafika masana, ndipo bedi tinalipeza dzuwa litapendeka. Ankalola wodikirira mmodzi yekha, choncho bambo ake anabwerera pa khomo la wodi. Anesi anamuika Taonga kachubu m'dzanja kolowetsera mankhwala ndi madzi. Dokotala wa makutu anabwera m'mawa mwake. Anafotokoza kuti matenda anachoka m'kati mwa khutu n'kulowa m'fupa la kuseri kwake, ndipo kuchoka pamenepo akanatha kufika ku ubongo. Anati ayamba ndi mankhwala masiku awiri, chotupacho chikapanda kutsika achita opaleshoni. Anandiletsa kuikamo mafuta, nthenga kapena china chilichonse.

Moyo wa m'wodi unali wofanana tsiku lililonse. M'mawa kwambiri anesi ankayeza kutentha ndi kupereka mankhwala. Kenako oyeretsa ankatitulutsa pa khonde kuti akolope. Madokotala ankadutsa cha m'ma naini, bedi ndi bedi, akulankhulana Chingerezi, ndipo ine ndinkangoyang'ana nkhope zawo kuti ndidziwe ngati zili bwino. Ndinkagona pa chitenje pansi, pafupi ndi bedi. Chakudya bambo ake ankabweretsa pa geti masana.

Chotupa sichinatsike. Lachitatu anabweretsa pepala loti ndisaine kuvomereza opaleshoni. Ndinaligwira nthawi yaitali ndikuyang'ana mizere. Nesi wina wachikulire anazindikira kuti sindikutha kuliwerenga. Anakhala pa mphepete mwa bedi n'kundiwerengera lonse m'Chinyanja, motsitsa mawu, kenako anandionetsa polemba dzina. Sanaseke, ndipo amayi a pa mabedi ena sanatembenuke n'komwe. Chinthu chimene ndinachiopa zaka zonse chinatha m'mphindi zochepa.

Anatiuza kuti Taonga asadye kanthu kuyambira usiku. Lachinayi tinadikira mpaka masana, mwana akulira njala, kenako anati kwabwera odwala ena a ngozi, tidikire mawa. Lachisanu anamutenga cha m'ma teni. Ndinakhala pa benchi ya pa khonde maola atatu. Anatuluka ali m'tulo, mutu wonse uli m'bandeji. Dokotala anati mafinya achotsa ndipo fupa aliyeretsa. Nditafunsa ngati adzamvenso, anati tidzayeza bala likapola. Kenako anati, "Sembe munabwela pamene khutu linayamba kubaba, yanali chabe mankhwala yakumwa." Ankatanthauza kuti ndikanapita naye khutu litangoyamba kuwawa, opaleshoni sikanafunika.

Lolemba lotsatira phunziro la ba Ticha linafika monga mwa nthawi zonse. Ndinaliika kukhutu lamanzere la Taonga, ndipo anaimba nawo motsitsa, koyamba chilowereni m'chipatala. Madzulo ake ba Ticha anaimba foni kufunsa za mwana. Ananena kuti chimene chikuwadabwitsa n'chakuti pa masewera a supuni aja Taonga anakhoza zonse. Ndinatuluka pa khonde n'kuwauza za ndowa ndi chidendene. Ndinalankhula ndikuyang'ana pansi ngati ali patsogolo panga.

Ba Ticha anandiuza kuti masewera amenewo sanali a mpikisano. Anali oti aone ngati pali mwana amene sakumva bwino, chifukwa m'kalasi amazindikira okha, koma pa foni maso awo ndi makolo. Anati, "Bamake Taonga, ine sininali kusakila mwana wanzelu. Nenze kufuna kuona mwana wanu." Anaonjezera kuti nawonso analakwa posatiuza cholinga cha masewerawo, ndiponso potiuza kuti titumize makanema pa gulu pomwe aliyense akuona. Mawu amenewo anandipepukitsa pang'ono, koma ndikudziwa kuti phazi linali langa.

Tinatuluka m'chipatala patatha masiku khumi ndi awiri. Kunyumba ndinapitiriza kumupatsa mankhwala akumwa, ndipo pomusambitsa ndinkasamala kuti madzi asalowe m'khutu. Tinkabwerera kukaonetsa bala, poyamba sabata lililonse, kenako kamodzi pa mwezi. Mu Okutobala anamulowetsa m'kachipinda kopanda phokoso, anamuveka zomvera m'makutu n'kumuuza kuti akamva kulira akweze dzanja. Anali masewera omwe aja. Ine ndinakhala pa mpando kumbuyo kwake, mapazi nditawapinda pansi pa mpandowo. Kumanzere anakweza dzanja nthawi zonse. Kumanja anakweza pokhapokha phokoso litakwera kwambiri.

Dokotala anati khutu lamanzere lili bwinobwino, koma lakumanja lidzangomva pang'ono moyo wake wonse. Kuchokera tsiku la masewera a supuni kufika tsiku limene tinapita kukiliniki panadutsa pafupifupi mwezi. Ndinafunsa ngati mwezi umenewo ndiwo unawononga khutu. Anati sanganene motsimikiza, koma unathandizira. Sindinafunsenso.

Lero Taonga ali ku pulayimale ndipo ali ndi thanzi. Mafinya sanabwerenso. Chipsera chili kuseri kwa khutu ndipo tsitsi limachibisa. Chaka chilichonse sukulu ikatsegulidwa ndimapita ndekha kukaonana ndi mphunzitsi wake watsopano kukapempha kuti azikhala kutsogolo, khutu lamanzere litaloza kwa mphunzitsi. Tikamayenda mu msewu ndimakhala kumanzere kwake kuti tizimvana. Powoloka ndinamuphunzitsa kuyang'ana kawiri, chifukwa minibasi yochokera kumanja saimva msanga. Sakumbukira za chidendene. Tsiku lina akadzakula ndidzamuuza.

Kwa amayi anzanga ndikuti, khutu la mwana likayamba kupweteka kapena kutuluka mafinya, pitani naye kukiliniki tsiku lomwelo. Kusiya kulira si kuchira. Musaikemo mafuta kapena nthenga. Ngati mwana akusamutsa foni kuchoka khutu lina kupita lina, kapena sakutembenuka mukamuitana, musathamangire kunena kuti ndi mwano. Ndipo aphunzitsi akakupatsani zochita ndi mwana kunyumba, auzeni zimene mwaona, osati zimene mukufuna kuti iwo aone. Ngati simukumvetsa cholinga chake, funsani m'chilankhulo chanu.

Mng'ono wake wa Taonga, Dalitso, ali ndi zaka zinayi ndipo ali m'kalasi ya ba Ticha Mulenga. Gulu la makolo lilipobe, koma tsopano makanema timatumiza kwa ba Ticha okha, ndipo masewera aliwonse amabwera ndi chifukwa chake. Mwezi watha anatumiza oti mwana asankhe tizitsekero tofiira pakati pa tobiriwira. Dalitso anasokoneza katatu. Ndinajambula kamodzi, ndinatumiza momwemo, n'kujambulanso mawu anga kufunsa ngati ndipite naye akamuone maso.