Chipilala cha mizinga chimene bambo anandituma

Ndinanyamuka ku Tallaght, kumene ndimakhala kuno ku Ireland, Loweruka m'mawa kamvula kakuwaza, nditalumbira kuti sindibwerako chimanjamanja. Bambo anga, amene pa usilikali wawo ankaomba mizinga, anali atandikhalira pakhosi. Wansembe wina wa ku Ireland anawauza kuti nkhondo yapachiweniweni ya kuno inayamba ndi mizinga, ndiye kwa iwo chipilala chake chinayenera kukhalapo basi. "Ukandionetse pa foni ndichichitire sawatcha," ankatero. Maso awo achita ng'ala, ndipo ndinkaopa kuti ndikazengereza sadzaonanso kanthu.

Sitima yamumzinda yotchedwa Luas inandidya two euro. Ndinatsikira pa Four Courts, chinyumba cha makhoti chimene mizingayo inaphwanya. Kwathu ku Zomba chipilala cha asilikali umachionera patali. Kuno ndinazungulira mpaka nsapato kulowa madzi, koma ndinangopeza mabasi ndi mbalame ya m'nyanja imene inanditsomphola banzi la soseji m'manja. Njala inandipweteka, koma kubwerera ayi.

Cha kumasana, pa mlatho, ndinaimitsa mkulu wina woyenda ndi galu.

"Pepani, chipilala cha oomba mizinga chili pati?"

Anandiyang'ana ngati ndamufunsa za maliro. Kenaka ananditengera kutsidya, pa kona ya msewu.

"Mzinga unali apa, utaloza makhoti aja. Agogo anga ndi amene ankaikamo zipolopolo. Mng'ono wawo anali m'katimo."

"Nanga chipilala?"

"Tilembepo zotani, mayi?"

Ndinaimba foni ya vidiyo ku Zomba. Bambo anali pakhonde, atavala kale chipewa chawo chausilikali.

"Ababa, palibe chipilala. Ndi tala yekhayekha."

"Iwe Chisomo, ulesi! Wafunsa bwino?"

Ndinawafotokozera za abale awiriwo.

"Loza foniyo pamene mzingawo unkaloza."

Ndinaloza. Anaimirira movutikira, nayandikitsa nkhope. Ndinadikira sawatcha ija, koma iwo anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, monga amachitira pasiwa.

"Mtunda umenewo ndi waufupi," anatero. "Ankamuona m'bale wakeyo."

Ndinabwerera ku Tallaght ndili wonyowa, wanjala, chisoni chitandigwira. Ndinapita kukasaka mwala woti bambo aunyadire, koma malo ena anthu amawasiya opanda kanthu chifukwa sanaiwale. Ndipo bambo anapaona.